Mipando ya Amake Mapasa

Pabalaza panga pali mipando itatu ya makhushoni, ya manja a thabwa, ndi katebulo kake. Alendo akalowa amayamikira, ine n'kungoti zikomo. Akafunsa kumene ndidagula ndimati ku Nsaru. Si bodza lenileni, koma si zoonanso. Mipandoyi sidafike pamsika. Idangodutsa pampata wa mpanda wa udzu, kuchoka m'nyumba ina kulowa m'nyumba ina, dzuwa lili paliwombo, ine ndikutsatira pambuyo nditasenza makhushoni.

Tidafika kuno mwana wanga ali ndi miyezi iwiri. Amuna anga adawatumiza kudzaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru, ndipo poti nyumba za aphunzitsi zidali zodzaza, tidachita lendi m'mudzi. Katundu wathu yense adakwana pangolo imodzi, malo n'kutsalako. Pabalaza tidayala mphasa ndi kuika timipando tiwiri tathabwa. Pakhoma ndidakhomapo setifiketi yanga ya kukoleji, ya ulembi ndi kutayipa, imene mpaka lero sidandipezerepo ntchito.

Ndivomere, chimene chinkandiwawa sichidali umphawi ayi, adali manyazi. Munthu woti adaphunzira ku Lilongwe, n'kumalandirira alendo pamphasa? Ndiye tsiku la msika ndinkabereka mwana n'kupita kukavundula kaunjika. Ndidapezako makatani a maluwa ofiirira, aatali moti ndidachita kudulako. Ndidapeza felemu yokhala ndi chithunzi cha kamwana kachizungu ndi galu wake. Chithunzicho ndidachotsa, n'kulowetsamo setifiketi. Maluwa apulasitiki ndidawatsuka limodzilimodzi ndi mswachi wakutha. Fungo la kaunjika lija ndinkalichapa kawiri katatu, n'kusita ndi simbi ya makala, kuti munthu asadziwe kumene zachokera. Ngati kuti iwowo sankagula pamulu womwewo.

Za nyumba ndinkadziona wanzeru, koma za mwana ndidalibe mutu. Mayi anga adamwalira ndili kukoleji, ndipo padalibe wondiuza kuti ichi n'choopsa, ichi ayi. Mwana akalira ndinkalira naye. Akagona nthawi yaitali ndinkamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma. Tsiku lina ndikumusambitsa ndidaona liwombo lake likugunda, ndipo ndidatuluka panja ndikukuwa. Amene adatulukira pampata wa mpanda adali mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu. Mudzi wonse unkawatchula amake mapasa, poti ana awo omaliza adali amapasa. Zala zawo zidali zakuda ndi phula la fodya. Adapukuta manja pachitenje, adamulandira mwana, adamuyang'ana, kenako adaphulika kuseka.

"Iwe mwana, likasiya kugunda ndiye uzikuwa. Kodi kukolejiko amakuphunzitsani chiyani?"

"Kutayipa, amayi."

"Ndiye mtayipe mwanayu agone."

Kuyambira tsiku limenelo sankaodiranso kwathu, ankangolowa. Adandiphunzitsa kusambitsa mwana osamuthira madzi m'makutu, kumubereka khosi osapindika, kusiyanitsa kulira kwa njala ndi kwa m'mimba. Kusikelo tinkapitira limodzi, iwo atanyamula ambulera ndi kabuku ka mwana, ine ndikuwafunsa mafunso njira yonse. Ndinkawaitana kuti amayi, ndipo pena ndinkaiwala kuti sadandibereke.

Mipandoyi ndidayamba kuiona kwawo. Adaigula chaka china fodya atayenda bwino ku okushoni, kwa kalaliki wa pa esiteti ina amene ankasamuka. Ankakonda kusimba mmene idabwerera pangolo, ana a m'mudzi akuithamangira pambuyo ngati mkwati. Adailukira okha tinsalu toyera, kamodzi pamsana, tiwiri pamanja. Wa m'nyumbamo padalibe ankakhalapo. Ankakhalapo akatekisiti, ankhoswe, ndi ansembe kamodzi kokha. Ine adandikhazikapo tsiku loyamba basi. Pambuyo pake ankati wakwathu sakhala pampando, tiye kukhonde. Ndinkaisirira. Ndipo mumtimamu ndinkati mipando yotere ikuyenera nyumba ya munthu wophunzira, osati momwe nkhuku zimangolowa ndi kutuluka. Ndinkaganiza zimenezo iwo akundiberekera mwana.

Chaka chimenecho mvula idadula chimanga chikumasula, anthu sadakolole kwenikweni. Pofika Febuluwale wotsatira m'mudzi mudalowa njala. Anthu ankadya gaga, ena nthochi zosakhwima. Mawailesi, njinga, mbuzi, zonse zinkapita pamtengo wa nkhuku. Ife tidali ndi matumba athu kuchipinda, amene amuna anga adagula nthawi yokolola chimanga chisadakwere. Mmodzi mwa mapasa aja adatupa miyendo, ndipo amake adapita naye kuchipatala ku Kabudula, kumene adamugoneka.

Masiku omwewo idandipeza nkhani ya mphakati. Ife Akatolika a dera limodzi timasonkhana mlungu uliwonse m'nyumba ya mmodzi wa ife, mosinthana, kupemphera korona ndi kukambirana za mpingo. Kwathu adali asadabwereko. Amayi apampando, akazi a ahedi a pasukulu ya amuna anga, adandiuza pamaso pa onse kuti pakapita milungu iwiri ulendo ndi wa kwathu.

"Musadandaule ndi pokhala. Mphasa muli nazo, eti? Tidzakwanapo."

Mwina sadatanthauze kanthu. Koma ine mawu amenewo ndidadya nawo, kugona nawo, kudzuka nawo.

Ndiye Lachitatu lina masana, amuna anga ali kusukulu, kudabwera bambo a mapasa. Adavula chipewa n'kunjuta pakhonde. Adayamba ndi za mvula, za feteleza, za fodya amene adali asadakhwime. Pomaliza adafika pa mipando ija.

"Ndalama ayi, mayi, ndalama sitingaphike. Ndowa zisanu za chimanga, mutenge ndi katebulo komwe."

"Kodi amayi akudziwa?"

"Adzadziwa akabwera. Ana atatu atsala pakhomowa sadalawe kanthu kuyambira dzulo."

Ndikamakumbukira, apa ndi pamene mtima umandithawa. Ndikadatha kuwapatsa ndowa imodzi kapena ziwiri n'kuwauza kuti mipandoyo isiyeni, amayi aipeze. Sitikadafa nazo. Kapena ndikadangopereka zisanuzo osatsutsa. Koma ine ndidadzuka kukaiyang'ana ngati sindidaionepo chibadwire. Ndidakanikiza makhushoni ndi chala, ndidaloza pamene vanishi adasupuka, ndidaigwedeza, monga momwe ndinkachitira ndi anyamata a kaunjika. Ndidati zitatu. Bambo aja adayang'ana pansi, adati zinayi. Ndidati zitatu, chimanga chakwera masiku ano. Adavomera. Ndidayeza ndekha, ndipo ndowa iliyonse ikadzaza ndinkasalaza pamwamba ndi dzanja, zotsalazo n'kubwerera m'thumba.

Amuna anga pobwera adaima pakhomo.

"Kodi si ya anebawa iyi?"

"Ndawathandiza. Ana adalibe chakudya."

Adangoti "mmm," n'kukhala pa wapakatiwo, kuyamba kuvula nsapato.

Mlungu wonsewo ndidali kalikiliki. Nsalu yotsala ya makatani ija ndidasokera makhushoni zovala zatsopano. Ndidagula kachitini ka vanishi n'kupaka manja ndi miyendo, mwana akutsokomola ndi fungo, ine ndikumutulutsa panja, kubwerera, kupakanso. Maluwa apulasitiki ndidawaika pakatebulo. Ndinkadzinamiza kuti ikasintha maonekedwe idzakhala mipando ina, yopanda mwini, ngati zovala za pakaunjika zimene sudziwa adavala ndani.

Amake mapasa adabwerako patapita sabata ndi theka, mwana ali kumsana ngakhale adali wa zaka zisanu, atachira koma ataonda. Ndidawamva kuseri kwa mpanda akutsegula chitseko. Ndidaima ndi mbale m'manja kudikira phokoso. Kudali zii. Patapita nthawi ndidangomva tsache pabwalo. M'mawa mwake ndidalimba mtima n'kuwapatsa moni pampanda.

"Tadzuka, kaya inu amayi aphunzitsi?"

Chiyambire adali asadanditchulepo choncho.

Tsiku la mphakati ndidakolopa kawiri n'kupaka polishi wofiira pansi. Anthu adabwera ambiri kuposa masiku onse, ndipo tsopano ndikudziwa chimene chidawabweretsa. Akazi a ahedi adakhala pa wapakati, akusisita dzanja la mpando.

"Koma ndiye mwakonzatu! Za kukoleji zimenezi. Kodi mwagula kutauni?"

Ndisadayankhe, mayi ena achikulire amene adali pamphasa adati, "Kutauni kwake kwapafupi, kopita osavala nsapato."

Azimayi adabisa pakamwa m'zitenje. Ine ndidaseka nawo.

Amake mapasa adalowa pomalizira. Adakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kutambasula miyendo, korona m'manja. Mpando wa kuzenera udali wopanda munthu, onse adachita ngati sakuuona. Ndidapita kukagwada pafupi nawo.

"Amayi, khalani pampandopo."

"Ayi, ine pansi pomwe pano." Kenako adaloza ndi chibwano. "Koma wa kuzenerawo muziika kachidutswa ka njerwa kumwendo wakumbuyo. Umagwedera umenewo. Mwana akayamba kuimirira asamagwire pamenepo, ungadzamugwere."

Adanena ndi mawu abwinobwino, omwe aja ankandiuzira za madzi osamba. Padalibe adaseka. Korona yonse ndidapemphera ndi milomo yokha, mikanda ikuterereka ndi thukuta. Ndikadakonda akadanditukwana pamaso pa anthu onsewo. Bwenzi nditalira, ena n'kutiyanjanitsa, nkhani n'kutha.

M'mawa mwake ndidamva "Odi!" pakhomo. Adali iwo, ataima kunja kwa khonde ngati mlendo wofunsa njira, kaphukusi ka pepala m'manja. Mudali tinsalu toluka tija, tonse tisanu ndi tinayi, tochapa, tosita.

"Abambo adaiwala izi. Ndidalukira mipandoyo, pena paliponse sizikwana."

"Lowani amayi, nditereke tiyi."

"Ndasiya ndiwo pamoto."

Utsi kwawo kudalibe. Ndidauyang'ana, kudalibe.

Njala itayamba kutha, anthu akudya maungu ndi chimanga chachiwisi, ndidawauza amuna anga kuti tibweze mipandoyo. Adati tidagula, sitidabe, ndipo tikabweza anthu aziti tidachita chiyani. Ndidapitabe ndekha. Amake mapasa ndidawapeza m'chigafa akusoka fodya, masamba ali mulu pambali. Ndidakhala pansi, mwana pamiyendo, ndikuyembekeza kuti mwina amulandira monga kale. Adamumwetulira, koma manja sadachoke pa fodya. Ndidalankhula zambiri, zosalongosoka, misozi ili mbwembwembwe. Ndidati atumize ana adzatenge lero lomwe, chimanga ndisachionenso.

"Ndiitenge ndikaike kuti? Njala idzabweranso, abambo adzaigulitsanso. Bola ili kwa inu, ndikudziwa kumene ili."

"Amayi, ndidalakwa."

"Simudalakwe. Ana anga adadya. Ndowa zitatu zija zidatifikitsa pa maungu."

Adabaya tsamba lina, adakoka chingwe, osakweza mutu.

"Akuti munkasalaza ndi dzanja."

Ndidakhalabe pang'ono, kenako ndidabereka mwana wanga ndekha, nsalu ikundivuta kumanga ngati tsiku loyamba, ndipo iwo sadadzuke kundigwirira.

Sitidadane. Mpaka lero timapatsana moni, kumaliro timaphika limodzi, kutchalitchi timagwirana chanza. Koma mu Juni chaka chomwecho mwana wanga adatentha thupi m'mawa, amuna anga atapita kumsonkhano wa aphunzitsi. Adayamba kunjenjemera, maso akutembenuka. Miyendo idanditengera yokha kumpata kuja. Ndidapeza patsekedwa ndi udzu watsopano, womangidwa bwino ndi luzi. Mwina adangokonza mpanda monga amachitira aliyense udzu ukauma. Sindikudziwa. Amake mapasa ndinkawamva kuseriko akupeta, lichero likulira. Kuitana kamodzi kokha bwenzi atabwera, zimenezo sindikayika. Koma pakamwa padakana kutchula kuti amayi, ndipo dzina lina lowaitanira ndidalibe. Ndidathamangira kumsewu, ndidakwera njinga ya kabaza, njira yonse ndikuika chala pamphuno pa mwana. Kuchipatala anamwino adandifunsa ngati ndabwera ndekha. Ndidati eya. Adali malungo, ndipo adachira.

Akazi a ahedi adasamuka chaka chotsatira, sindikhulupirira kuti amakumbukira n'komwe za pabalaza panga. Makatani aja adasuluka ndi dzuwa. Vanishi wanga adayamba kusupuka, wakale uja akuonekeranso pansi pake. Tinsalu toluka tili m'sutikesi, m'pepala lomwe lija. Sindidatiyalepo, ndipo kutaya ndimalephera. Masiku ena ndimalakalaka nditaigulitsa mipandoyi kwa munthu wakutali, koma ndimakumbukira kuti adati bola akudziwa kumene ili.

Kachidutswa ka njerwa ndidaika madzulo a tsiku la mphakati lomwelo, anthu atangobalalika. Mwana wanga adaphunzirira kuima pogwira mpando wa kuzenera womwewo, ngakhale ndinkamukalipira. Sudamugwerepo.