Kajuzi ka Mdzukulu

Mayi a nyumba yapakona sagula ulusi. "Wa m'sitolo ndi wa alesi," amatero, uku akupota thonje ndi manja, n'kulinyika m'madzi a makoko a anyezi. Mapoto onse m'nyumbamo ndi achikasu. Amuna awo, omwe analawapo utoto poyesa msuzi, masiku ano amafunsa kaye asanavundukule chilichonse.

Loweruka lapitali mayiwa anamaliza kajuzi kamene anakayamba mdzukulu wawo ali m'mimba. Mdzukuluyo anafika, chimunthu cha ndevu, n'kukanyamula ndi zala ziwiri.

"Agogo, ndilowetsemo mutu kapena chala?"

"Usandiseke iwe. Kakwatire, adzavala mwana wako," anatero mayiwo. "Komatu usachedwe. Ine anthu ozengereza sindigwirizana nawo."