Tsiku limene mawu anandithawa pa siteji

Amake Dalitso, dzulo ndikudutsa pa holo ija ya ku Ndirande ndinamva anthu akuseka m'kati, ndinangoima pomwepo. Chitisiyireni inu, njira imeneyo ndimaipewa. Mu holo imeneyo ndi mmene tinachitira sewero lathu lanthabwala tili achinyamata, ine mlonda wosauka, inu mwana wa abwana. Itakwana nthawi yokufunsirani, mawu onse amene ndinaloweza anandithawa. Thukuta linali kamukamu, anthu ayamba kuimba miluzu. Inu munabisa pakamwa ndi mpango n'kunong'ona kuti, "Iwe Fulaye, usandichititse manyazi. Ngati ukundifuna, ingonena zako." Ndinanenadi za mumtima mwanga, ndipo munavomera. Anthu anafa nacho chiseko poyesa ndi sewero. Koma mkulu uja wa nyuzipepala, ndi Chingerezi chake, analemba kuti awiriwa sadziwa chikondi, akungonamizira. Anzanga ku fakitale anachita kundiwerengera, akuseka. Munkati ndimusiye, koma mpaka lero sindinamukhululukire.

Tsopano ndili ndi mantha, mayi. Mutuwu wayamba kutaya zinthu. Sabata yatha ndinasochera pochokera kumsika, aneba anachita kundibweza kunyumba. M'mawa wina ndinayang'ana chithunzi chanu nthawi yaitali dzina lanu lisanabwere. Anzathu a m'sewero lija onse anatsogola, wodziwa zoona ndatsala ndekha. Ndikaiwala ine, chotsala ndi bodza la munthu uja. Dalitso akuti Lolemba tipite kuchipatala, ndipo ndikuopa zimene adokotala akandiuze. Zina zonse zichoke m'mutu muno, sindidandaula. Koma inu, chonde, musachoke.