Ulusi wa Galasi M'nyumba Mwanga

Mwana wanga wamng'ono anasiya kukwawa. Akaika dzanja pansi ankalitukula msanga, n'kuyamba kulira. Ndinayang'ana chikhatho, munga palibe, bala palibe, koma ndikangokhudza m'munsi mwa chala chachikulu ankakuwa. Nditatuluka naye padzuwa ndinaona kanthu konyezimira, kowonda ngati tsitsi.

Ndinakadziwa. Ndinabwera nako ndine.

Sabata imeneyo, pa Chimbiya pomwe ndimagulitsa kachewere, anthu a kampani ankalumikiza chingwe cha intaneti chimene anakwirira m'mbali mwa msewu. Ataweruka ndinatola zidutswa zimene anasiya m'dzenje, osapempha, n'kuzibisa m'thumba. Ndinkati ndikamangire matimati kudimba. Kunyumba ndinazisenda ndi mpeni, nditakhala pomwe ana anga awiri amasewera. M'kati munali timaulusi tosachedwa kuthyoka, ndinangotisesera kukhoma.

Nditangoona kanthuko m'dzanja lake ndinabereka mwana, liwiro la ku Chimbiya. Ndinapeza bambo wina wachikulire wa kampaniyo ali pansi pa ambulera, akudula nsonga ya ulusi ndi kamakina. Ndinawayandikira.

"Bambo, ndinatenga zingwe zanu zija."

"Mwabweza?"

"Ndinasenda. Ndimati ndikamangire matimati."

Anaika kamakina pansi. "Mayi, limeneli ndi galasi. M'katimu mumadutsa kuwala. Nsongayi timaikonza bwinobwino kuti kuwalako kuchoke m'makina awa kulowe mwa ena. Tizidutswa timene tadula timatitsekera m'botolo ili, ngakhale ine sinditigwira ndi manja."

Ndinawaonetsa dzanja la mwana. Anati ndisayerekeze kutokosa ndi singano, kamathyokera m'kati, ndipite kuchipatala. Kenako anafunsa ngati mwanayo amatola zinthu pansi n'kuika m'kamwa. Amatero.

Anzanga ogulitsa anamva zonse. Wina anati, "Ndiye matimatiwo azipsera pa intaneti, asisi?" Anaseka. Ine maso pansi, kukonza nsalu yokonzeka kale.

Kuchipatala anachotsa kagalasiko. Nesi atafunsa kuti kanachokera kuti ndinati mwana anatola kumsewu, bodza limene limandiwawabe.

Ana sindinawalole kulowanso m'nyumba, ndinakawasiya kwa achemwali anga. Kusesa sindinakukhulupirire. Ndinapala dothi lonse la pansi ndi khasu, mpaka m'makona, n'kukalitaya m'chimbudzi pamodzi ndi tsache, mphasa ndi zingwe zotsala. Ndinazira kawiri ndi dothi la kudambo. Patauma ndinakwawa ndekha nyumba yonse, zikhatho pansi, kenako ndinakatenga ana.