Njenjete Zinadya Pasipoti

Magalasi aja anali ozungulira, achikasu, ndipo mwendo wake umodzi unali womangidwa ndi waya wa gitala. Ukawavala, Dedza yense ankasanduka dziko lina. Phiri linkaoneka ngati likuyaka, nkhungu ya m'mawa inkaoneka yofunda, ngakhale nkhope ya amalume inkafewa. Ndawakumbukira kuno ku Doha, kumene fumbi likauluka dzuwa limatenga mtundu womwewo. Ndinabwera kudzaona mdzukulu wanga wakhanda, mliri wa korona n'kuimitsa ndege, choncho nthawi yokhala pazenera ndili nayo yambiri.

Mwini magalasiwo anali mayi anga aang'ono, obadwa mimba imodzi ndi amayi. Anafika kuchokera ku Kitwe m'nyengo yozizira, ine ndili Sitandade 3, kudzakhala nawo pomanga chiliza cha agogo. Ku Zambiako ankaimba m'bandi ya anyamata anayi atsitsi lanyankhalala. Anabwera ndi mbale imodzi ya galamafoni, ndipo aphunzitsi anatibwereka choimbira chawo cha mabatire. Magitala ake ankalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini, koma pamwamba pa phokosolo pankayandama mawu a mayi aang'ono, akukoka liwu limodzi mpaka ukaiwala kuti linali liwu lanji.

Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku. Iwo ankavala lawo lotambalala kumapazi, n'kukulunga chitenje pamwamba. Akamayenda, nsonga zake zofiira zinkasuzumira pansi pa chitenjecho, ine n'kumaziwerenga ndili pambuyo.

Chiliza chitatha, amalume, monga mwini mbumba, anapempha pasipoti ya mayi aang'ono "kuti aisunge bwino," n'kuitsekera m'sutikesi yawo yachitsulo. "Mwana wamkazi wa banja lino saimbira zidakwa," anatero. Sindiwaweruza. Anali atalonjeza agogo kuti alongo awo sadzabalalika, ndipo njira ina yosungira lonjezolo sankaidziwa.

Kwa ine imeneyo inali nyengo yokoma kuposa zonse. Tinkasenda mbatatesi padzuwa, zala zitauma ndi chisanu, fungo la utuchi wa paini likubwera ndi mphepo kuchokera kocheka matabwa. Ankandiphunzitsa kugwira liwu. "Usaimbe ndi khosi, iwe. Khosi ndi lomezera. Imba ndi mimba." Ndikalephera ankandiveka magalasi aja, amvekere, "Tsopano imba zimene ukuonazo." Sindinawaone akulira ngakhale tsiku limodzi. Ndinangoona kuti basi ikamalira pamsewu, mpeni unkaima m'manja mwawo.

Kenaka kunabwera kalata ya anyamata a bandi, yonena kuti akapanda kubwerera mwezi usanathe, atenga woimba wina. Amalume anaiwerenga, n'kuipinda, n'kufunsa ngati mbuzi zamwa madzi.

Amayi sanalowererepo. Anali munthu wa mpingo, wa mawu ochepa. Mbale ija ikayamba kulira ankatuluka kukasesa pabwalo posesa kale, ndipo ine ndinatsimikiza mumtima kuti nyimbozo ankadana nazo.

M'mawa wina, amalume akupita kudimba, amayi anawapempha kiyi wa sutikesi, nati zovala zikufunika kuyanika chifukwa njenjete zachuluka. Dzuwa litakwera anandiitana, n'kundipatsa buku la nyimbo za mpingo lokulunga m'duku. "Kawapatse mayi ako aang'ono. Ali pokwerera basi. Usatsegule, ndipo usathamange."

Sindinathamange. Ndinawapeza atakhala pa chikwama chawo. Anatsegula bukulo, nasolola kabuku kena kakang'ono kamene kanali pakati pake, n'kuseka, kenaka n'kugwira pakamwa. Anavula magalasi aja n'kundiveka. "Ukawauze achemwali kuti nyimbo yoyamba m'mbale muja ndi yawo." Basi inanyamuka ili yachikasu, fumbi lake lachikasu, dzanja lawo pazenera lachikasu.

Amalume atabwera, amayi anagwada patali monga mwa ulemu wathu. "Achimwene, njenjete zadya pasipoti ija."

"Yonse?"

"Yonse, ndi chikuto chomwe."

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasasa dothi kukhasu lawo, nati, "Njenjete za chaka chino n'zophunzira." Nkhaniyo sinatchulidwenso. Mayi aang'ono anaimba zaka zambiri, ndipo chimene ndinachidziwa nditakula n'chakuti amalume ankasunga chithunzi chawo m'sutikesi momwemo.

Sabata yatha mwana wanga anabwera kuchokera ku hotela imene amagwirako ku West Bay, akuseka asanavule n'komwe masiki. "Amayi, malamulo asintha! NOC sikufunikanso. Nditha kuchenja ntchito osagwadira sponsa, khalasi, zatha basi!" Anandifotokozera kuti NOC ndi kalata imene bwana, yemwe kuno amati sponsa, ankayenera kulemba kuti munthu amasuke. Ndinakondwera naye, koma maganizo anga anali ku Dedza, ndi kiyi uja m'dzanja la amayi.

Uthenga wa mayi aang'ono ndinaupereka tsiku lomwelo limene anakwera basi. Amayi anangoti, "Ndamva," n'kupitiriza kusita, simbi yamakala ikununkha pa malaya a amalume. Patapita kanthawi ndinamva kaphokoso kakatali, kotsika, kakutuluka m'milomo yawo yotseka. Anakagwira osapuma, motalika kuposa mmene mayi aang'ono ankachitira. Panadutsa zaka ndisanadziwe kuti nyimboyo anaipeka ndi amayi ali mtsikana, ndiponso kuti ndi iwo amene anaphunzitsa mng'ono wawo kuimba ndi mimba. Tsiku limenelo ine ndinathamangira m'nyumba kukawatengera madzi amchere, poganiza kuti dzino likuwawawa.