Kachotupa ka Pakhosi ndi Nyumba ya M'komboni

"Nyumba ya kampani ndi ya amene wagonamo lero," anandichenjeza malemu amuna anga. "Usadzaisiye ndi loko, ngakhale masiku awiri."

Mgodi umene ankagwirako unatsekedwa, iwo anapita ndi fumbi m'mapapo, ine n'kutsala m'zipinda ziwiri izi kuno ku Bindura, wopanda pepala lililonse. Kumudzi ndilibeko, makolo anachoka ku Malawi ndisanabadwe.

Chaka chatha chifuwa chinandikanirira. Kuchipatala anandigoneka m'makina ojambula m'thupi, kufunafuna fumbi lomwelo, poti ndinachapa maovolosi a pamgodi zaka zambiri. M'mapapo sanapezemo kanthu. Koma dokotala, mayi wamagalasi, analoza m'mphepete mwa chithunzi.

"Ambuya, pachithokomiro panu pali kachotupa, konga nzama."

"Ine ndadzera chifuwa. Pakhosipo wakutumani ndani?"

Anaseka. Anati tizotupa tambiri totere sitikhala khansa, koma kuti tidziwe, ndipite ku Harare akatengeko kachidutswa ndi singano kuti akayeze. Kumeneko mzere ngwautali, mwina masiku atatu, mwina sabata.

Sabata! Mnzanga wa nyumba yachitatu anapita kumaliro ku Wadzanai. Pobwera anapeza makorokoza, okumba golide aja, atapachika kale makatani awo m'nyumba mwake, mapoto ake ali panja.

Ndikanasiyamo mpongozi wanga. Koma iyeyo akabwera amayeza makoma ndi maso. "Amayi, apa sofa ingakwane bwinobwino," amatero, ngati ndafa kale. Mwana wanga amangodinadina foni. Sindinawauze. Oyandikana nawo ndiye ayi ndithu, atangomva angayambe kundiwerengera masiku.

Choncho kalata ya dokotala ili pansi pa matiresi, ine ndili pamwamba pake. M'mawa uliwonse ndimameza madzi chala chili pakhosi, kumvera kanthuko kakukwera n'kutsika. Tsiku lina kamakhala ngati kakula, tsiku lina ayi. Popita kumpopi ndimakulunga mpango m'khosi, ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndowa ikamadzaza maso anga amakhala pachitseko changa.

Dokotala uja anati mawu akayamba kusasa ndisachedwenso. Koma ndilankhula ndi yani kuti ndidziwe? Pamatha masiku pakamwa pali potseka.

Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa m'komboni muno, imani pampanda wamalata mufuule kuti, "Odi, ambuya!" Kutsegula sinditsegula, musakhumudwe, ndiyankhira pazenera. Inu mungotchera khutu, ndipo mawu angawo akamveka osasa, mundiuze zoona.