Nkhuku Imene Ndinawadyetsa Bambo Anga

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ku Mississauga konse, mzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene tinkakhala, kunalibe wondiposa pakamwa. Ndine ndinkawayankhulira bambo Chingerezi kulikonse: kwa dokotala, kwa eni nyumba, ngakhale kwa mzungu wogulitsa sofa yakale pakhomo pake, amene ndinamunenerera mpaka anatiwonjezera ndi nyale.

Choncho anzanga a kusukulu atandiseka kuti sindinalaweko ramen, chakudya cha ku Japan chonga supageti wa mumsuzi, ndinadziwa kuti bambo ndiwatha. Ndinawanyengerera milungu itatu. Loweruka lina, ataweruka ku ntchito yawo yonyamula makatoni ku Brampton, anagonja.

Titafika kumalo odyera ramen, fungo la adyo linatilandira pakhomo pomwe. Bambo anali Msilamu wa ku Mangochi, wosaphonya swala. Tisanakhale n'komwe anati, "Saidi, tafunsa kaye ngati mulibe nkhumba."

Ndinafunsa. Mtsikana woperekera zakudya anandiuza monyadira kuti msuzi wawo wonse ndi wa mafupa a nkhumba, owiritsa tsiku lathunthu. M'phokoso lija bambo sanamve kanthu.

"Akuti ndi nkhuku, Ababa."

Ndinamupemphanso mtsikanayo kuti nyama ya pamwamba aichotse, aike dzira lachiwiri. Anavomera, ine mumtima n'kudziwombera m'manja.

Bambo anati Bismillah, n'kumwa msuzi. Timitengo todyera tinawakanika, anaitanitsa foloko. "Nkhuku za ku Japan n'zonona," anatero akupukuta thukuta. Mbale yanga ndinaimaliza, koma kukoma kwake sindikukumbukira.

Zinavuta Lachisanu. Potuluka mu mzikiti anauza mnzawo, Che Jafali, kuti apeza malo odyera abwino, ndipo mawa apite nawo limodzi ndi amayi anga. Ndinayesa zonse. Ndinati kumadzaza anthu, ndinati mwina atseka, ndinati m'mimba mukundipota. Katundu wanga yense sanagulidwe. M'mawa mwake, bambo akumanga zingwe za nsapato, ndinaulula.

Sanandimenye, chikhala anatero bwenzi zitathera pomwepo. Anamaliza kumanga nsapato inayo, kenako anati, "Ine ndinadya mawu ako. Mulungu akafunsa iwe, osati mimba yanga."

Mwezi wotsatira, popita kwa dokotala, anatenga mlongo wanga Mariamu, wazaka zisanu ndi zinayi, amene Chichewa chake chinali chothyokathyoka. Ndinawaona pawindo akupita kokwerera basi, Mariamu atanyamula mapepala aja ndinkanyamula ine. Bambo analolera kumva zochepa, bola zoona. Mpaka pamene anabwerera kumudzi, sanandipemphenso kuti ndiwayankhulire.

Lero ndimagulitsa magalimoto akale ku Etobicoke, ndipo ndimadyerabe pakamwa pomwepa. Koma akabwera munthu wachikulire, mwana wake akumumasulira, lilime langa limalemera, ndimapezeka ndikutchula ndi zimene galimotoyo imadwala. Kunenerera kumakoma pamene mnzakoyo angathe kukutsutsa. Bambo analibe chonditsutsira, anangondikhulupirira.

Ramen ndinadya ndithu, nditakhala pamaso pawo, iwo akumwetulira. Inuyo mukuona kuti anapambana ndani pamenepa?