Sabata Imene Laputopu Inasiya Kumva Netiweki

Kiyi wa chipinda cha makompyuta ndinakhala naye matemu awiri ndi theka ndili Fomu 3. Ndinkamumanga pa kachingwe ka ubweya n'kumuvala m'khosi, mkati mwa bulauzi. Kunena kuti chipinda n'kukulitsa chabe. Kanali kachipinda koyandikana ndi ofesi ya ahedi, momwe munali malaputopu anayi, batire la sola ndi kabokosi koyera ka intaneti kokhomedwa pakhoma. Wosunga kiyi ankasesa, ankatseka mawindo, ndipo Lachisanu lililonse ankapukuta fumbi. Akamaliza ankaloledwa kukhala ola lathunthu pa laputopu ali yekha.

Kwathu kulibe magetsi, ndipo foni ya bambo ndi ya mabatani. Ola limenelo ndi limene ndinaoneramo koyamba mtima wa munthu ukugunda pa sikirini, osati wojambulidwa ndi choko pa bolodi. Ndinkaliyembekezera kuyambira Lolemba.

Temu yachitatu kunabwera mtsikana wochokera ku Blantyre. Mayi ake ndi namwino, ndipo anali atawasamutsira ku chipatala cha ku Magaleta. Tsiku loyamba kulowa m'chipindamo anakhala pansi n'kuyamba kulemba osayang'ana kiyibodi. Madamu otiphunzitsa kompyuta anaima kumbuyo kwake kwa kanthawi, kenako anaitana kalasi yonse kuti tidzaone. Ine ndinali nditavutika miyezi isanu kuti ndisiye kusaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi, ndipo palibe anaitanidwapo kuti adzandione. M'kope limene ndimalembamo zochitika za tsiku ndinalemba kuti: "Ali ndi foni ya mayi ake, kwawo kuli magetsi, ali ndi mapeyala awiri a nsapato za kusukulu. Akufunanso chiyani m'chipinda changa?" Ndikawerenga lero ndimachita manyazi, koma tsambalo sindinang'ambe.

Laputopu imene tonse tinkaidalira inali yakuda, yakale, yolemera ngati njerwa ziwiri. Mwa enawo, iliyonse inali ndi vuto lake: ina batire linafa, ina mabatani ena sankagwira, ndipo yachinayi inkakhala pa tebulo la ahedi. Lolemba lina Madamu anayatsa yakudayo kuti atsitse manotsi a Fomu 4. Pakona ya sikirini, pamene pankakhala kachizindikiro ka mizere yopindika kosonyeza netiweki, panalibe. Atadina pamenepo sipanatuluke dzina la netiweki ya sukulu, ngakhale dzina lina lililonse. Chikhalirecho foni yawo inkalumikizana bwinobwino ndi kabokosi kapakhoma kaja.

Sabata imeneyo Madamu anali ndi mulu wa mapepala a mayeso oti achonge. Anatiitana awirife, ine ndi mtsikana wa ku Blantyre uja, n'kutiuza kuti tiyese zimene tingathe, koma tisamasule chilichonse. Anati ikapanda kukonzeka pofika Lachisanu ahedi aitumiza kutauni, ndipo palibe akudziwa kuti idzabwerako liti. Akutuluka anatembenuka.

"Kiyi wa chaka chamawa ndimupereka kwa amene ndione kuti angasamale zinthuzi. Ndiona sabata yomwe ino."

Sanayang'ane aliyense. Koma m'sukulu monse tinalipo awiri okha amene mawuwo akanatikhudza.

Lachiwiri ndinalawirira kuti ndiyambe ndekha. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso katatu. Ndinachotsa batire, ndinaliuzira, ndinalibwezeretsa. Ndinaiika pampando pansi penipeni pa kabokosi kaja. Sizinathandize. Ndiye ndinaganiza zimene aliyense wa kwathu kuno akanaganiza. Kuno netiweki ikasowa umaitsatira kumene ili. Kuseri kwa sukulu kuli chulu chachikulu chimene anthu a mudzi wonse amakwerapo akafuna kuimba foni, moti udzu wa pamwamba pake unatha kalekale. Nthawi yopuma ndinakulunga laputopu m'chitenje n'kupita nayo kumeneko.

Pachulupo ndinapeza amayi awiri akuimbira woyendetsa lole kuti adzatenge mbatata yawo ya kachewere. Ataona ndikutsegula laputopu, mmodzi anasiya foni.

"Kodi nayonso TV yakoyi ili ndi amuna ake ku Joni?"

Ndinawayankha mwaulemu kuti ndi ya sukulu, amayi. Ndinainyamula m'mwamba, ndinatembenukira kum'mawa, ndinatembenukira ku Mwanza, mikono mpaka kuwawa. Amayi aja anandilangiza kuti ndiime pafupi ndi chitsa, chifukwa ndi pamene pamagwira kwambiri. Ndinaimadi pachitsapo.

Ndikutsika ndinakumana ndi mtsikana uja. Anali atandifunafuna m'kalasi.

"Iwe, waipititsa kokapuma mphepo?"

Akanaseka mokweza bwenzi zili bwino, ndikanapeza chomudera. Koma anangomwetulira n'kundithandiza kugwira chitenje. Tili m'njira anandifotokozera kuti netiweki ya pachulu ndi ya mafoni, yochokera pa nsanja, pamene laputopuyo imamvera kabokosi kapakhoma kokha. Titafika m'chipinda anatsegula malo ena amene ine ndinali ndisanawaonepo m'miyezi yonse imene ndinasunga kiyi: mndandanda wa zipangizo zonse za m'kati mwa kompyuta, chilichonse ndi dzina lake. Pa gawo la netiweki anati pamayenera kukhala mayina awiri, lina la kachipangizo kolumikizira chingwe, lina la kachipangizo kogwira netiweki mumphepo. Panali la chingwe lokha.

"Khutu lake ndi limene silikuoneka," anatero. "Amalitcha adaputa. Ngakhale ukwere nayo phiri, singamve."

Anadina kuti kompyuta isakenso zipangizo zake, koma sinapeze chatsopano. Kenako anadina kuti ionetse ndi zobisika zomwe, ndipo dzina lachiwiri linatulukira, lotuwa ngati inki yotha. Anati zimenezo zikutanthauza kuti kompyuta ikukumbukira kuti inali ndi adaputa, koma panopa sikuipeza. Anakopera dzinalo padzanja lake ndi bolopeni. Kenako anandifunsa amene anaigwiritsa ntchito komaliza. Ndinati ndine, Lachisanu. Anafunsa ngati pali china chimene ndinachita tsikulo.

"Ndinaizimitsa bwinobwino ngati masiku onse," ndinatero.

Funso lakelo ndinalimva ngati mlandu, choncho sindinawonjezere mawu.

Lachitatu anabwera ndi fulashi. Anali atatsitsa pa foni ya mayi ake pulogalamu imene imayendetsa adaputa, imene iye ankaitcha dirayiva. Anati nthawi zina imawonongeka, ndipo ukaikamo yatsopano zonse zimabwerera. Ndinakhala pambali pake manja ali pachifuwa. Kamzere kobiriwira kanayenda pa sikirini mpaka pakati, kenako kanaima, n'kutuluka mawu akuti palibe chipangizo chimene chapezeka. Anayesanso kawiri. Kachitatu anaika chipumi patebulo.

Tsiku limenelo ndinalemba m'kope kuti: "Walephera. Mulungu andikhululukire, koma ndasangalala." Ndikutseka kopelo m'pamene ndinazindikira kuti laputopu ikapita kutauni, ola langa la Lachisanu lipita nayo limodzi. Ndinazindikira, koma kusangalalako sikunachoke.

Lachinayi mtsikana uja anati mwina adaputa yasuntha m'katimo kapena yaferatu, ndipo kuti tidziwe pafunika kumasula pansi pake. Madamu anakana. Ndiye mtsikanayo analibenso chochita, anangoitenga n'kumaitembenuza m'manja mwake pang'onopang'ono, akuyang'ana mbali iliyonse pa kuwala kwa pawindo. Chakumanzere, pafupi ndi bowo lolowetsamo zomvetsera za m'makutu, panali kampata kakang'ono. Anatsinamo ndi zikhadabo n'kutulutsamo kanthu kotuwa, ka madontho oyera.

"Kodi nthenga ya nkhanga ikufuna chiyani muno?"

Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Kwathu makina osokera a mayi ndi wailesi ya bambo timazipukuta ndi nthenga, chifukwa nsalu silowa m'timipata. Lachisanu lija, pofuna kuti Madamu aone kuti palibe wina angasamale chipindacho ngati ine, ndinabweretsa nthenga ya nkhanga. Ndinapita nayo pakati pa mabatani onse ndi m'bowo lililonse. M'kampata kameneka ndinamva chinthu cholimba, ndinayesa dothi louma, ndipo ndinachikankha ndi phata la nthengayo mpaka chinasuntha. Ndinanyadira kuti ndachotsa litsiro la zaka.

Sichinali dothi. Kanali kabatani kotsetsereka, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kakuda ngati laputopu yomweyo. Mnzangayo anakakankhira mbali ina ndi chikhadabo. Kutsogolo kunayaka kanyali kamene sindinkadziwa kuti kanali kozima. Pa mndandanda paja dzina lotuwa lija linada, ndipo pakona mizere yopindika inabwerera umodziumodzi. Anadina, dzina la netiweki ya sukulu linatuluka. Anati malaputopu ena akale ali ndi kabatani kotere kozimitsira adaputa, ndipo ikazima kompyuta imakhala ngati ilibe. Anati iyenso anali atangomvapo, sanakaonepo.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kanthenga kaja. Anakafumbata m'dzanja.

Madamu atabwera, mnzangayo anawauza zonse motsatana, za mndandanda, za dirayiva, za kabatani. Madamu anafunsa kuti kanazima bwanji.

"Mwina kanangogundidwa, Madamu. N'kakang'ono kwambiri."

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinalankhula chifukwa chokonda chilungamo. Zoona zake n'zakuti sindikanatha kupirira kuti kiyi akhale m'khosi mwanga chifukwa choti iye wandichitira chifundo. Anali atandiposa pa kulemba, pa kudziwa, pa nsapato, ndipo tsopano ankafuna kundiposanso pa mtima wabwino.

"Ndine, Madamu. Ndinakakankha ndi nthenga popukuta."

Madamu anapempha kuona nthengayo, ndipo mnzangayo anatambasula dzanja monyinyirika. Madamu anaseka pang'ono, anati nawonso kabataniko sankakadziwa, ndipo palibe angaimbidwe mlandu chifukwa chopukuta fumbi. Mtima unayamba kukhala pansi. Kenako anandifunsa ngati mnzangayo sanandifunsepo zimene ndinachita Lachisanu. Ndinati anandifunsa, Lachiwiri. Anafunsa ngati ndinamuuza za nthenga. Ndinati ayi.

"Ndiye masiku awiriwa tawataya chifukwa cha kukhala chete kwako, osati chifukwa cha nthenga," anatero. "Wokonza amafunika kuuzidwa zonse, ngakhale zooneka zopanda pake."

Ndinafuna kunena kuti Lachiwiri sindinkadziwa kuti nthenga ili ndi mlandu. Zinali zoona. Koma zinalinso zoona kuti akanandifunsa wina aliyense, ndikanafotokoza za nthengayo ndi kunyada komwe.

Tsiku lotsekera sukulu Madamu anandiuza kuti ndipereke kiyi. Mfundo ya chingwe inali italimba ndi thukuta, moti ndinachita kuidula ndi lezala. Mnzangayo analandira ndi manja awiri, ngati akulandira kwa munthu wamkulu, ndipo zimenezo zinandipsetsanso mtima.

Panopa tili Fomu 4. Kiyi amamuika m'kathumba ka kunja ka chikwama chake, kamene zipi yake sitseka bwino, ndipo tsiku lililonse ndimayang'ana ngati alimo. Sabata yoyamba anandiuza kuti fumbi limamuyambitsa chifuwa, ndiye ngati ndingamasese ndi kupukuta, ola la Lachisanu tizigawana pakati. Sindikudziwa ngati za chifuwazo n'zoona, sindinamumvepo akutsokomola. Ndinakana milungu iwiri. Lachisanu lachitatu ndinapezeka ndili pakhomo ndi tsache.

Theka la ola langa loyamba sindinaonere mtima wa munthu kapena china chilichonse. Ndinatsegula mndandanda wa zipangizo uja ndekha, nditalakwitsa njira kawiri, n'kukopera mayina onse m'kope, masamba awiri odzaza. Sabata iliyonse ndimamufunsa dzina limodzi, ntchito yake, ndi zimene zimachitika likasowa. Ndafika pa lachisanu ndi chiwiri. Mpaka pano sanalepherepo kuyankha, ndipo chimenecho chimandiwawabe.